Buledi wa chiponde ndi jamu akamabwerera kunyumba osadyedwa

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera pa imelo kudandaula kuti mwana wake wa Sitandade 2 wayamba kubweza buledi wopaka chiponde ndi jamu amene amamulongedzera popita kusukulu, ndipo akufunsa ngati pali kakonzedwe kena kamene kangamukope mwanayo.

Funso lanu, mayi, landikhudza chifukwa mwana wanga wachiwiri anandizunguza mutu chimodzimodzi. Ndinkalawirira kupaka, kudula ndi kukulunga bwinobwino, koma madzulo ndikatsegula kabokosi ndinkapeza buledi uja atanyowa, atafiira mbali imodzi, atalumidwa kamodzi kokha pakona. Anzanga ananditumizira zithunzi za makolo a ku America amene amadula buledi kukhala nyenyezi ndi timitima. Chakudyachi n'chawodi, pakuti kakonzedwe kake kanalembedwa ndi Julia Davis Chandler m'magazini ya zophikaphika ya ku Boston mu 1901. Koma nyenyezi iliyonse imasiya nyenyeswa zambiri m'mbale, ndipo ndi mmene mtengo wa buledi ulili masiku ano sindingamulangize munthu kutaya chakudya chifukwa cha maonekedwe.

Ndinene mosapita m'mbali kuti pa ziwirizi chakudya chenicheni ndi chiponde. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtedza ndi mapuloteni, pamene jamu wambiri wa m'sitolo shuga wake amapitirira theka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo mwana amene wamwa kale tiyi wotsekemera m'mawa sakufunika sipuni ziwiri zodzaza za jamu. Ife a dziko lolima mtedza wa mitundu ya Chalimbana ndi CG7, amene tinakulira futali ndi ndiwo zotendera, sitiyenera kuchita kuphunzira kunja kuti mtedza umakoma ndi chinthu chotsekemera. Mbatata ndi nthochi zinali kugwira ntchitoyo kalekale.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chuku. Mtedza wosauma bwino kapena wosungidwa pachinyontho umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa yense. Ngati mumasinja nokha, khalani pansi ndi lichero n'kutaya mtedza uliwonse wofota, wofumbwa ndi wosintha mtundu. Ngati mumagula, yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pabotolo. Chiponde cha m'timapaketi chimene amapereka kuchipatala ndi mankhwala a ana onyentchera, choncho musachigule kwa ogulitsa mozemba kuti chikhale kamba wa kusukulu.

Zoti muyesere

Choyamba funsani aphunzitsi ngati sukuluyo imalola mtedza, chifukwa pali ana amene amatupa ndi kubanika akangoulawa, ndipo masukulu ena amauletseratu. Ngati palibe choletsa, pakani chiponde pa magawo onse awiri a buledi, jamu pang'ono akhale pakati, chifukwa mafuta a mtedza amatchinga madzi a jamu kuti asalowe m'buledi. Kwa mwana wanga chimenechi n'chimene chinathetsa mlandu, popeza chinkamunyansa chinali kunyowako. Tsiku lina phwatalitsani buledi ndi botolo loyera, mupake chiponde, mukulungemo nthochi, kenako mudule timagawo tozungulira toti azitola ndi zala. Chapati imachitanso bwino. Mbatata yophika ikazizira iduleni mopyapyala n'kumata ziwiriziwiri ndi chiponde. Mukhozanso kusakaniza chiponde ndi oats, kuumba timipira, kuboola pakati ndi chala n'kudonthezamo jamu wa mango kapena wa malambe, ndipo timeneti timasungika m'firiji masiku angapo. Musaiwale botolo la madzi, chifukwa chiponde chimamata kukhosi.