Kodi makapisozi a milk thistle angachize chiwindi choonongeka ndi mowa?

Mayi wina watilembera pa imelo kuti amuna awo, omwe amwa kachasu zaka zambiri, auzidwa kuchipatala kuti chiwindi chayamba kuuma. Mnzawo wawabweretsera botolo la makapisozi a milk thistle, ndiye akufunsa ngati mankhwalawa anayesedwapo.

Anayesedwa, mayi. Poyesa, odwala amagawidwa pawiri mwa maere: ena amamwa kapisozi weniweni, ena wofanana naye maonekedwe koma wopanda mankhwala, ndipo wodwala ngakhale dokotala sadziwa kuti wamwa uti.

Ku Vienna, m'dziko la Austria, kafukufuku wa 1989 anagawa pawiri odwala 170 a chiwindi chouma: 87 anapatsidwa silymarin, yemwe amachokera m'njere za chomera cha milk thistle, 140 mg katatu pa tsiku, ndipo 83 anapatsidwa kapisozi wopanda mankhwala. Patatha zaka zinayi, 58 mwa 100 omwa silymarin anali moyo, pomwe mbali inayo anali 39. Anthu anayamba kuyembekezera zabwino. Koma mu 1998 ku Spain anabwereza pa odwala 200 omwe onse chiwindi chinaumitsidwa ndi mowa, ndipo panalibe kusiyana.

Chimene chimasokoneza kuyesaku ndi mowa womwewo. Ku America, Charles Lieber ndi anzake anayesa mafuta ena ochokera ku soya pa anthu 789 omwe kale anali asilikali. Pa anyani mafutawa anali atateteza chiwindi. Pa anthu sanapose kapisozi wopanda kanthu, koma magulu onse awiri, poonana ndi anamwino pafupipafupi, anachepetsa kumwa kuchoka pa matambula 16 patsiku kufika pa awiri ndi theka, ndipo kwa ambiri matenda sanapitirire. Ndiye munthu akakuuzani kuti "ndinamwa makapisozi ndinachira", mufunseni ngati anasiyanso mowa.

Ndalama zogulira makapisozi ndi bwino zipite ku mazira, usipa, nyemba ndi chiponde, ndipo bambowo azidya kenakake asanagone, chifukwa chiwindi chouma sichisunga mphamvu zokwanira usiku wonse.

Kusiya mowa ayambire kuchipatala, osati okha kunyumba. Munthu womwa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatha kukomoka ngati wakhunyu kapena kubwebweta m'masiku atatu oyamba. Kuchipatala amampatsa mankhwala oletsa zimenezi komanso vitamini yotchedwa thiamine. Asamwe ibuprofen kapena diclofenac, amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba ndi kupha impso. Botololo pitani nalo kwa dokotala awerenge zolembedwapo. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi, kapena bambowo akusokonekera mutu, musadikire kuti kuche.