Usanasiye sukulu chifukwa cha gitala, dziwa njira imene Don Williams anadutsa

Mnyamata wina wa Folomu 3 wandilembera kuti akufuna kusiya sukulu n'cholinga chokhala woyimba nyimbo za country ngati Don Williams, ndipo bambo ake, amene akufuna kuti adzakhale dokotala, amuopseza kuti amuphwanyira gitala. Makalata otere amabwera kawirikawiri, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti ana amangomva mawu okoma pa wailesi osafufuza kumene mwini mawuwo anachokera.

Mwanawe, Don Williams anabadwa mu 1939 ku Floydada m'chigawo cha Texas ku America, ndipo anawaphunzitsa gitala ndi mayi awo. Anamaliza sukulu, anakagwira ntchito ya usilikali, kenako mu 1964 anayambitsa ndi anzawo gulu la Pozo-Seco Singers. Gululo litatha, bambowa anabwerera ku Texas kukagulitsa mipando pamodzi ndi apongozi awo. Pamene ankabwerera ku Nashville, likulu la nyimbo za country, mu 1971, katswiri wojambula nyimbo Jack Clement anawalemba ntchito yopeka nyimbo, ndipo nyimbo yawo yoyamba kufika pa nambala 1 inatuluka mu 1974, ali ndi zaka 35. Iwe uli ndi zaka zingati kuti uthamange chonchi?

Khomo limene analowera, lopeka nyimbo, ndi limene ndikufuna uliganizire kwambiri. Country imakhala pa nkhani yofotokozedwa bwino, ndipo munthu wothawa phunziro la Chingerezi ndi la Chichewa sangapeke nyimbo yogwira mtima. Lemba MSCE, ukhoze bwino, chifukwa ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa za nyimbo, ndipo kumeneko salowa ndi chipewa chachikhawuboyi. Ukayamba kupeka zako, ukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, kuti thukuta lako asadyerere ena.

Ndikuuze mosabisa kuti Amalawi amakonda country, koma amakonda ya eni ake, imene anthu anakhamukira kukaimvera ku Harare mu 1997 pamene Don Williams anakayimba kumeneko. Wongotengera mawu a Don Williams adzathera kuyimba m'mahotela anthu akudya.

Inunso bambo, kuphwanya gitala sikunapangitsepo mwana kukhoza Biology, ndipo udokotala wokakamiza ndi umene ukumuthamangitsa m'kalasi. Gwirizanani naye kuti aziyimba Loweruka ndi kutchalitchi malinga magiredi asatsike.

Mwanawe, kalata yako inalembedwa mwaluso, ndipo zimenezi zandipatsa kachiyembekezo pang'ono. Unditumizire mawu a nyimbo imodzi yopeka wekha pamodzi ndi lipoti la temu ino.