Tsiku limodzi ku Kyoto: muyambire kukachisi, msika ubwere pambuyo

Mayi wina wanditumizira imelo. Akupita ku msonkhano wa kuntchito ku Osaka, m'dziko la Japan, ndipo ali ndi tsiku limodzi lokha lopuma. Akufunsa ngati angathe kuona msika wa zakudya, akachisi ndi mashopu a ku Kyoto pa tsiku limodzilo.

N'zotheka mayi, bola mulawire. Sitima ya kampani ya JR yochokera ku Osaka imafika ku Kyoto m'mphindi pafupifupi 30, ndiye mtunda si nkhani. Chimene chimawonongera anthu tsiku ndi khamu la alendo, ndipo malo aliwonse ali ndi nthawi yake yodzaza.

Muyambire ku Kiyomizu-dera, kachisi wa Chibuda amene amatsegulidwa 6 koloko m'mawa. Anakhazikitsidwa mu 778, koma nyumba yaikulu imene mukaione ndi ya mu 1633. Khonde lake lamatabwa lili mamita 13 kuchoka pansi, ndipo mizati yake anailumikiza popanda msomali. Mukafika dzuwa litakwera, mukangoona misana ya anthu ndi mafoni. Kumunsi kuli madzi a Otowa ogwa m'mipopi itatu, anthu amatunga ndi zikho za mpini wautali. Musankhe mpopi umodzi, chifukwa kumwa yonse amati ndi dyera. Potsika mudzere ku Sannenzaka ndi Ninenzaka, tinjira tamiyala tokhala ndi nyumba zakale zogulitsa makapu adothi ndi maswiti.

Njala ikayamba cha m'ma 11, lunjikani ku Nishiki. Msikawu ndi kanjira kopapatiza kofoleredwa, kotalika mamita pafupifupi 390, kokhala ndi mashopu oposa 100. Unakula chifukwa cha nsomba: madzi ozizira a m'zitsime za pamalopo ankathandiza kuti zisaonongeke, ndipo mu 1615 boma linaupatsa chilolezo. Mulawe dashimaki, mazira okazinga okulungidwa ndi msuzi wa nsomba, ndi tsukemono, ndiwo zamasamba zosungidwa mumchere. Mukaonanso chirimen, tinsomba touma tochepa kuposa usipa, tophikidwa ndi tinjere ta sansho, tsabola wa ku Japan, toyabwa palilime. Ine ndingasiye zonse koma osati timeneti. Kudya mukuyenda sakufuna mumsikamo. Mudyere pomwe mwagulapo, zotaya muwapatse eni shopu, poti mabini sapezekapezeka. Musanenerere mtengo, ndipo mukhale ndi ndalama za yen m'thumba chifukwa ena salandira khadi.

Kum'mawa msikawu umathera ku Teramachi ndi Shinkyogoku, misewu yofoleredwa ya mashopu. Ku Teramachi n'kumene Toyotomi Hideyoshi, yemwe ankalamulira Japan pa nthawiyo, anasamutsira akachisi ambiri cha m'ma 1590, n'chifukwa chake mumapeza chipata cha kachisi pakati pa mashopu a zovala. Tiyi wobiriwira, mapepala ndi timitengo todyera mugule kumeneku, osati kufupi ndi Kiyomizu-dera. Kenako mulowe m'chipinda chapansi cha Daimaru kapena Takashimaya mumsewu wa Shijo, momwe muli zakudya zokhazokha. Nthawi yotseka ikayandikira amatsitsa mitengo ya zophikaphika.

Kinkaku-ji, kachisi wokutidwa ndi golide uja, mumusiye. Ali kumpoto chakumadzulo, ndipo mabasi opita kumeneko amadzaza n'kumachedwa pamsewu. Ngati miyendo ikulola, madzulo mukwere sitima ya Nara Line pa Kyoto Station, mutsike pa Inari pakangotha mphindi 5. Fushimi Inari ndi malo opembedzera a Chishinto, chipembedzo cha makolo cha ku Japan, okhala ndi zipata zofiira masauzande, satsekedwa usiku ndipo kulowa ndi ulere.