Za PSA ya achimwene ija, alamu

Alamu mwaswera bwanji, pepani ndinali pa ntchito, ndingojambula voisi chifukwa kulemba kundichedwetsa. Mwafunsa kuti poti PSA ya achimwene yatuluka 3.4 ndipo pepala likuti mpaka 4 zili bwino ndiye kuti za khansa ya prostate, kachiwalo ka azibambo kali pansi pa chikhodzodzo kaja, tiiwale, komanso ngati akayezetse cortisol, holomoni imene imakwera ndi stress, poti mwamva kuti mimba yawo yaikulu ija ndi ya stress.

Aaa pa PSA po musafulumire kusangalala. PSA ndi puloteni imene prostate imatulutsa ina nkumalowa m'magazi, makina amangowerenga kuti mu mililita imodzi ya magazi muli yochuluka bwanji. Tsono munthu wonenepa kwambiri, uja BMI yake, muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika, yafika 30 kupita kutsogolo, magazinso amakhala nawo ambiri, ndiye zili ngati supuni imodzi ya shuga mwaithira mu jagi osati mu kapu, shuga ndi yemweyo koma sakumveka. Nambala imatuluka yotsika. Kuwonjezera apo kunenepa kumatsitsa testosterone, holomoni yachimuna, pomwe prostate imadalira yomweyo kuti ipange PSA. Ngakhale CEA, ija amatsatira nayo khansa ya m'matumbo, imasungunukanso chonchi. Ndiye muonenso mankhwala akumwawo, ngati pali finasteride, ija yochepetsa prostate yokula, imeneyo imadula PSA pafupifupi ndi theka, adokotala adziwe.

Sindikuti ali ndi khansa ayi, musakayambe kulira. Kudzuka usiku pafupipafupi kukakodza, mkodzo kumangodontha, nthawi zambiri ndi prostate yangokula ndi ukulu, mwinanso shuga. Koma ndi thupi lawo lija 3.4 siyotitsitsa mtima, abwerere kuchipatala akawapime prostate ndi chala. Ndikudziwa akana, azibambo onse amayamba akana kaye, koma sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Auzeni ndanena ndine.

Za cortisol zo musataye ndalama. Imakwera m'mamawa nkumatsika mpaka pakati pa usiku, ndiye kuyeza kamodzi nthawi iliyonse sikukuuzani kanthu. Chodabwitsa nchakuti kwa anthu onenepa ambiri ya m'magazi imatuluka yabwinobwino, thupi limaipanga yambiri koma limaichotsanso msanga, kwinaku mafutawo akuidzutsa mkati mwawo momwemo komwe jakisoni wa ku labu safikako. Matenda enieni a cortisol yochuluka, Cushing, ndi osowa ndipo amaoneka, nkhope yozungulira, miyendo ndi mikono yowonda, mizere yofiirira pamimba, khungu losachedwa kuvulala. Ambiri amawatenga pomwa prednisolone kapena dexamethasone nthawi yaitali, ndiye ngati achimwene amagula okha mankhwala a mawondo aja munditumizire chithunzi cha paketi, koma asasiye mwadzidzidzi.

Chimene chikundidandaulitsa ine ndi nkonono ija mumadandaula, kuti amabanika kutulo. Imeneyo ndiye imadzutsa adrenaline, holomoni yothamangitsa mtima, usiku wonse BP nkumakwera. Mukatchulenso kwa adokotala, ndipo mupite nawo, okha akangoti ndili bwino.