Agile ndi waterfall pa projekiti imodzi, zimatheka

Achimwene, mwafunsa ngati mungaphatikize agile (kupanga pang'onopang'ono, mukuonetsa ndi kusintha) ndi njira yakale ija ya waterfall (kulemba pulani yonse kaye, kenako n'kuitsatira gawo ndi gawo) pa sisitimu ya SACCO yomwe mukupanga kuno ku Mangochi, poti ma donor akufuna pulani yonse papepala pomwe timu yanu ikufuna ma sprint, tizigawo tafupitafupi ta ntchito. Zimatheka ndithu, musadandaule.

Zomwe kusintha kwake n'kodula zichiteni mwachikale: bajeti, kapangidwe ka database (mosungira zonse zolowetsedwa mu sisitimu), chitetezo cha ndalama za mamembala, kulumikiza ndi Airtel Money ndi Mpamba, izi lembani bwinobwino asayine basi, makamaka zolumikizazo chifukwa mumadikira eni ake akuvomerezeni ndipo masiku ake simulamula inu. Ma donor apatseni ma milestone (zigawo zikuluzikulu za ntchito ndi masiku ake othera) pa Gantt chart, tchati choonetsa ntchito iliyonse ndi nthawi yake, amazikonda zimenezo.

Koma mkati mwa milestone iliyonse yendani ndi ma sprint a masabata awiri, ntchito ikani pa pulogalamu yozilondolozera ngati Trello kapena Jira. Sprint ikatha nyamulani foni mukaonetse makalaliki enieni ku Namwera kapena Makanjira, muwaone akulowetsa ngongole netiweki ikudukaduka, mudzadabwa batani lomwe inu mumati lili poyera iwo sakuliona n'komwe. Za offline, zoti sisitimu izigwira ntchito popanda netiweki, ziganizireni poyamba pomwe, kuzibweretsa mochedwa kuli ngati kukonza maziko nyumba mutafolera kale.

Agile Manifesto ya 2001 ija, chikalata cha mfundo za agile, sinanene kuti mapulani tayani ayi. Pomwe anthu amakanganirana ndi pa zosintha, ndiye lembani mu kontrakiti kuti chatsopano chikalowa china chofanana kukula chituluke, apo ayi awonjezere ndalama. Wosankha zoyamba kupanga akhale munthu m'modzi, osati komiti yonse.