Mphwanga akuti mimba anaperekayo si ngongole yake

Zikomo Azakhali,

Ndine mlimi wa fodya kuno kwa Chamama, ku Kasungu. Mwana wa mlongo wanga, amene ndamuphunzitsa mpaka kukoleji ndi ndalama za ku Chinkhoma, wapereka mimba kwa mtsikana wa mudzi woyandikana nafe. Sakukana kuti ndi yake. Koma makolo a mtsikanayo atabwera kudzatula nkhani, iye anati anamuuza kale kuti achotse, ndiye poti anasankha yekha kusunga, alerenso yekha. Akuti iye ndi libertarian, munthu sakakamizidwa kudyetsa mnzake. Kodi umenewu ndi mpingo kapena chipani? Nanga akunenazi n'zoona?

Malume wothedwa nzeru, Chamama

Malume,

Si mpingo ayi. Ku America chipani chake chilipo, chinayamba mu 1971, koma kwenikweni ndi kaganizidwe kakuti munthu ndi mwini thupi lake ndi katundu wake, boma lisamulowerere pokhapokha akavulaza kapena kubera wina.

Mphwanuyo sanapeke yekha mawuwa. Mmodzi mwa akuluakulu a kaganizidwe kameneka, Murray Rothbard, analembadi mu 1982 kuti kholo lisaphe kapena kuvulaza mwana, koma lamulo lisalikakamize kumudyetsa. Tsiku limene ndinawerenga zimenezi ndinavula magalasi n'kuwapukuta, kuyesa maso andinamiza. Anatinso mayi ali ndi ufulu wochotsa mimba, chifukwa palibe amene angakhale m'thupi la mnzake mwiniwake asakufuna.

Chimene mnyamatayo sanakuuzeni n'chakuti m'nyumba mwawomo nkhaniyi amakangana mpaka lero. Doris Gordon, mayi amene sankakhulupirira n'komwe za Mulungu, anayambitsa Libertarians for Life, gulu la ma libertarian odana ndi kuchotsa mimba, mu 1976. Mfundo yake inali yakuti mwana sadzibweretsa, amene amuika poti sangathe kudzithandiza ndi makolo awiriwo, choncho kumusamalira ndi ngongole yawo. Ine ndili mbali imeneyi. Mukakankhira munthu m'chitsime cha kudimba, simungaime pamtunda n'kumati chingwe n'changa, kuponya n'kufuna kwanga. Ron Paul, dokotala wobereketsa amayi yemwe anaimira chipanichi pa chisankho cha pulezidenti mu 1988, amadana ndi kuchotsa mimba. Javier Milei, libertarian amene anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Argentina, chimodzimodzi. Mkangano unakula moti mu 2022 chipani chija chinangofufuta ndime yonena za mimba m'mfundo zake.

Tsono taonani kuchenjera kwa mphwanu. Akuti thupi ndi la mtsikanayo, chabwino. Nanga iye amalamula bwanji kuti achotse? Ndipo anamupatsa chisankho chanji muno m'Malawi? Gawo 150 la Penal Code, buku la milandu ndi zilango zake, limati mayi wodzichotsa mimba akhoza kukaseweza zaka 7, ndipo gawo 149 limapereka zaka 14 kwa womuchotsayo. Gawo 243 limateteza dokotala ngati akupulumutsa moyo wa mayi. Bilu yofuna kufewetsa lamuloli aphungu anakana kuikambirana mu 2021, ndipo ngati anachita bwino kapena ayi, tidzakambirana tsiku lina. Koma kumudzi kuchotsa kumene mnyamatayo amanena tonse timakudziwa: zitsamba za usiku, phesi la chinangwa, kenako ngolo kuthamangira kuchipatala magazi ali chuchuchu. Mtsikana wakana zimenezo, iye n'kumati wasankha yekha?

Kuno Rothbard alibe mawu kukhothi. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mwana aliyense ufulu wodziwa makolo ake, kuleredwa nawo ndi kulandira chithandizo, kaya makolowo anakwatirana kaya ayi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola mayi kukasuma, ndipo majisitireti akhoza kulamula bambo kuti azipereka ndalama ya chakudya, zovala ndi sukulu malinga ndi mmene amapezera. Fufuzaninso zaka za mtsikanayo. Chiyambire 2017, wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa lamulo, ndipo pamenepo nkhani ikhoza kukula kuposa apa.

Musamukakamize ukwati, banja lokakamiza mtsikana yemweyo ndiye adzalire. Koma inu ndinu mwini mbumba. Pitani nokha kwa makolo aja, mukapepese, mukagwirizane za chithandizo pamaso pa anyakwawa, ndipo zilembedwe papepala mnyamatayo asainire. Akakana, ofesi ya social welfare ku Kasungu boma ilipo.

Ndikukhulupirira kuti mumamutumizirabe kangachepe pafoni mwezi ukatha. Mwa chiphunzitso chake chomwecho, ndalamayo ndi yanu, palibe angakukakamizeni kumudyetsa. Mwezi uno mugulire mtsikanayo zitenje, beseni ndi thiransipoti yopitira kusikelo. Akakuimbirani kufunsa, mumuuze kuti nanunso mwalowa libertarian.

Azakhali