Mabuku a mfuti za bolt-action: muyambire pati ndalama zili zochepa?

Mmalawi wina amene amagwira ntchito ya makina osema zitsulo ku Johannesburg wanditumizira imelo. Mwachidule akuti wakopeka ndi mfuti za bolt-action (zimene wowombera amakoka ndi kukankha ndi dzanja chitsulo chotsekera, bolt, kuti alowetse chipolopolo) zimene amisiri amapangira munthu mmodzi payekha, zosemedwa ndi kulinganizidwa ndi manja, ndipo akufuna kuyamba kusonkhanitsa mabuku ofotokoza za luso limeneli. Vuto lake ndi loti mabukuwa ndi odula, ambiri anasiya kusindikizidwa, ndipo pa intaneti aliyense akutchula buku lakelake. Akufunsa kuti ayambe ndi liti, atsirize ndi liti, komanso ngati alipo mabuku okhudza mfuti zimene zinkagwira ntchito kuno ku Africa.

Achimwene, musayambe ndi mabuku akuluakulu a zithunzi zonyezimira. Ndikudziwa kuti ndi amene amakoka maso: thabwa la walnut la mizere yokongola, chitsulo chozokotedwa maluwa. Adzabwera nthawi yake. Ndalama zanu zoyamba zipite ku mabuku amene akuuzeni mmene mtima wa mfuti, kutanthauza gawo lachitsulo limene limalowetsa, kutsekera ndi kuwombera chipolopolo, umagwirira ntchito, ndi chifukwa chimene mfuti zina zinaphulikira m'manja mwa eni ake. Munthu amene wamvetsa ziwirizi amatha kuyang'ana chithunzi cha mfuti ya mmisiri wina n'kudziwa chimene mmisiriyo anachita ndi chifukwa chake. Amene sanazimvetse amangoti "yokongola", basi.

Ndipo mtima umenewo, pa mfuti zambiri zopangidwa ndi amisiri, ndi wa Mauser 98. Paul Mauser anaukonza ku Oberndorf, ku Germany, ndipo asilikali a dzikolo anauvomereza mu 1898 pa mfuti ya Gewehr 98. Springfield ya 1903 ya ku America inatengera kwambiri kwa Mauser mpaka boma la America linalipira kampaniyo ndalama. Winchester Model 70, imene inatuluka mu 1936, nayonso ndi ya m'banja lomweli. Nkhondo ziwiri zapadziko lonse zitatha, mfuti za Mauser zotsala kunkhondo zinali mbwee ndiponso zotsika mtengo, ndiye amisiri ankazigula, n'kuchotsa mpope ndi thabwa lachisilikali, n'kumangapo mfuti yosakira. Luso lonse limene mukulifunali linakulira pamenepo. Choncho buku loyamba likhale la Mauser.

Ine ndingakuuzeni kuti mugule "Mauser Bolt Rifles" la Ludwig Olson. Limayenda ndi mitundu ya Mauser umodzi ndi umodzi, ndipo mudzaona mmene Mauser ankawonjezera chitetezo pang'onopang'ono mpaka kufika pa 98. Pa 98 pali mano awiri kutsogolo kwa bolt amene amatseka, ndi dzino lachitatu kumbuyo limene silikhudza kanthu masiku onse, limangodikira tsiku limene awiri aja adzalephere. Pali mabowo awiri pa bolt otulutsira mpweya wotentha chigoba cha chipolopolo chikang'ambika, ndi chotchinga kumbuyo choteteza diso la wowombera. Pali chikhadabo chachitali chija chimene chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'magazini n'kuchiperekeza mpaka kulowa m'chipinda chake. Alenje a njati ndi njovu ankachikonda chikhadabo chimenechi chifukwa munthu akachita mantha n'kukoka bolt mwatheka, mfuti sitsamwa ndi zipolopolo ziwiri. Mudzaphunziranso kusiyana kwa Mauser za mphete yaing'ono (mphete ndi kutsogolo kwa mtima kumene mpope umalowa), monga za 1893 ndi 1896, ndi za mphete yaikulu za 98, komanso chifukwa chimene mmisiri wanzeru samangira chipolopolo champhamvu kwambiri pa za 1893 zija.

Buku lachiwiri ndi "Bolt Action Rifles" la Frank de Haas, limene linatuluka koyamba mu 1971 ndipo lakhala likukonzedwanso. Ubwino wake ndi kuchuluka kwa mitundu: Mauser, Springfield, Enfield, Mannlicher, Sako, Brno, Remington 700 ya 1962, ndi zina zambiri. De Haas amanena mosabisa kuti mtundu uwu ndi woyenera kumangapo mfuti, uwo musataye nawo nthawi. Popeza inu ndinu munthu wa makina ndi miyeso, mudzafunanso "The Bolt Action" la Stuart Otteson, limene lili m'magawo awiri, loyamba la 1976. Otteson analemba ngati injiniya, ndi zojambula ndi manambala, kuyeza ngakhale nthawi imene imadutsa kuchokera pamene chala chakoka mpaka msomali kumenya chipolopolo. Si buku lowerenga uli chigonere, koma kwa munthu wozolowera micrometer lidzakoma.

Tsopano buku limene ndikanakonda kuti aliyense wogwira mfuti yakale aliwerenge: "Hatcher's Notebook" la 1947. Julian Hatcher anali mkulu wa asilikali a ku America woona za zida, ndipo anafufuza ngozi za mfuti za Springfield 1903 zimene zinkasweka. Zinapezeka kuti pa mfuti zoyambirira, chitsulo china chinkapsa mopitirira muyeso posula, chifukwa amisiri ankayeza kutentha kwake ndi maso, ndiye chinkauma mpaka kumasweka ngati galasi. N'chifukwa chake mpaka lero anthu amachenjezana za Springfield za manambala otsika, zosafika pa 800,000 kwa zopangidwa ku Springfield Armory, ndi zosafika pa 285,507 kwa za ku Rock Island Arsenal. Kunja mfuti yotere imaoneka bwinobwino. Mmisiri akhoza kuiveka thabwa la ndalama zambiri, koma chitsulocho n'chomwecho. Hatcher amafotokozanso bwino nkhani ya headspace, kampata ka pakati pa nkhope ya bolt ndi pamene chipolopolo chimatsamira, komanso zimene zimachitika munthu akaika chipolopolo cholakwika kapena mpope ukatsekeka ndi matope. Mukawerenga bukuli mudzasiya kuona mfuti ngati chokongoletsera m'nyumba, mudzaiona monga chiwiya chosunga moto pafupi ndi nkhope ya munthu.

Nkhani ya chipolopolo cholakwikayi ikutifikitsa pa "Cartridges of the World", limene Frank Barnes analiyamba mu 1965. Gulani lakale ndithu ngati ndi limene mungakwanitse, chifukwa mbiri ya zipolopolo zakale sisintha. Chitsanzo chimodzi chikuonetseni kufunika kwake. Chipolopolo cha ku Germany cha 8x57 chili mitundu iwiri. Choyambirira chinali cha mainchi 0.318, kenaka asilikali anasinthira ku cha mainchi 0.323, chimene chimadziwika ndi chilembo S. Amisiri ena a mfuti zosakira anapitirizabe kupanga mipope yopapatiza ija kwa zaka zambiri. Wosadziwa amaona "8x57" pa bokosi n'kuganiza kuti zonse n'zimodzi, n'kukankha chipolopolo chachikulu mu mpope wopapatiza. Pa miyeso yeniyeni ya masiku ano musadalire buku lililonse lakale. Pitani ku zojambula za mabungwe oika miyeso ya mfuti ndi zipolopolo: za SAAMI ya ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1926, ndi za CIP ya ku Ulaya. Zonsezi zimapezeka pa intaneti kwaulere. Chimodzimodzinso miyeso ya wonga yolembedwa m'mabuku akale, monga a P.O. Ackley: iwerengeni ngati mbiri chabe, chifukwa ena mwa manambalawo ndi apamwamba kuposa amene opanga wonga amavomereza lero.

Pambali pa zimenezi sungani kabuku ka zidindo zoyesera mfuti, monga ka Gerhard Wirnsberger. Ku Britain mfuti zimayesedwa ku London kapena ku Birmingham Proof House, imene inayamba mu 1813, ndipo Germany, Belgium ndi Austria ali ndi zidindo zawo. Tizizindikiro tating'ono tija ta pansi pa mpope timauza munthu dziko, nyengo, nthawi zina ngakhale kukula kwa chibowo cha mpope. Wogulitsa akhoza kukometsa nkhani, koma chidindo n'chovuta kuchikana.

Za ntchito ya manja ndidutsa msanga, chifukwa mayina ake ndi odziwika. "The Modern Gunsmith" la James V. Howe, la 1934, lili m'magawo awiri, ndipo Howe ameneyu ndi uja anayambitsa nawo kampani ya Griffin & Howe ku New York mu 1923. "Gunsmithing" la Roy Dunlap, la 1950, ndi losavuta kumva ndipo limapezeka motchipa. Jerry Kuhnhausen analemba buku la m'shopu la Mauser lodzaza ndi miyeso yoyendera mfuti. Pa thabwa pali "Professional Stockmaking" la David Wesbrook, ndi la Monty Kennedy la 1952 lonena za kusema timizere togwirira tija. Ngati mungagule limodzi lokha chaka chino, tengani la Dunlap. Dziwani kuti njira zina za m'mabuku akalewa, makamaka mankhwala odetsera chitsulo, ndi zoopsa ku thanzi ndipo amisiri ambiri anazisiya.

Pano ndiyenera kunena mosapita m'mbali. Kuwerenga n'kololedwa, koma kugwira ntchito pa mfuti ndi nkhani ya malamulo. Kumeneko ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna kuti wokonza mfuti akhale ndi laisensi yake, ndipo kudziwa makina sikulowa m'malo mwa pepalalo. Kwathu ku Malawi nakonso mfuti imafuna chilolezo cha apolisi, ndipo tonse tikudziwa mavuto amene mfuti za gogodela zabweretsa m'nkhalango zathu zotetezedwa. Ngati mtima wanu ukufunadi ntchitoyi, funani mmisiri wa laisensi akuphunzitseni, mabukuwa akhale othandizira.

Funso lanu la Africa ndi limene landisangalatsa kwambiri, chifukwa kontinenti yathu inaumba mfuti zimenezi kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1905 mmisiri wa ku Berlin, Otto Bock, anakonza chipolopolo cha 9.3x62 kuti chikwane mu Mauser 98 wamba, n'cholinga choti atsamunda a ku Germany okhala ku Africa apeze mfuti yamphamvu yosadula ngati za mipope iwiri za ku London. Kampani ya John Rigby ya ku London inali yogulitsa zinthu za Mauser ku Britain, ndipo ndi imene inachititsa kuti Mauser apange mtima wautali wa magnum, wokwana zipolopolo zazitali zamphamvu. Pamenepo ndi pamene chipolopolo cha .416 Rigby cha 1911 chinakhala. Chaka chotsatira, 1912, kampani ya Holland & Holland inatulutsa .375 H&H, imene mpaka lero imatengedwa ngati poyambira pa nyama zoopsa m'mayiko ambiri. Kuti muone mfuti zosakira zimene Mauser eni ake ankapanga, pali buku la Jon Speed ndi anzake, "Mauser: Original Oberndorf Sporting Rifles". Ndi lodula zedi, lisungireni ndalama pang'onopang'ono.

Lotsika mtengo ndi "African Rifles and Cartridges" la John Taylor, la 1948. Taylor anabadwira ku Dublin, anakhala zaka zambiri akusaka m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique, ndipo ankadziwika ndi dzina loti Pondoro. Iye mwini sankabisa kuti njovu zambiri anazipha mozemba malamulo, ndipo sindikukupatsani bukuli kuti mumusirire. Njovu zimene anthu a nthawi yake anapulula sitinazibwezeretse. Koma pa funso loti mfuti imachita bwanji m'fumbi, m'kutentha, kutali ndi mmisiri aliyense, analemba zimene anaona ndi maso, ndipo amisiri omanga mfuti za ku Africa amamuwerengabe. Manambala ake oyerekezera mphamvu ya chipolopolo anthu amatsutsana nawo mpaka lero, ndiye muwatenge ngati maganizo a mlenje, osati sayansi. Pafupi ndi inu, funani "Rifles for Africa" la Gregor Woods ndi makope akale a magazini ya Man Magnum. M'menemo mudzakumana ndi Musgrave ya ku Bloemfontein, Brno za ku Czechoslovakia, ndi ma .303 achisilikali osinthidwa kukhala osakira, mfuti zimene anthu wamba a kum'mwera kwa Africa ankanyamuladi.

Mukafika apa ndiye gulani mabuku a zithunzi ndi mbiri ya amisiri. "Custom Gunmakers of the 20th Century" la Michael Petrov limafukula amisiri oyambirira a ku America, ndipo "The Rifleman's Rifle" la Roger Rule ndi la Winchester Model 70 ya chaka cha 1964 chisanafike, chaka chimene kampaniyo inasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama, n'kuchotsa chikhadabo chija. Bungwe la American Custom Gunmakers Guild, lokhazikitsidwa mu 1983, limaonetsa ntchito za amisiri a masiku ano. Ndipo pali chuma china chaulere chimene ambiri sachiona: makatalogi a makampani ogulitsa mfuti pa okushoni, monga Holts ya ku England ndi Rock Island Auction ya ku America. Amajambula mfuti mbali zonse, amalemba miyeso, kulemera ndi zidindo. Tengani mfuti imodzi m'katalogi, mutsegule Olson pambali, muyese kuzindikira nokha chaka ndi mtundu wake musanawerenge zimene alemba.

Pa kagulidwe, musathamangire makope oyambirira, amenewo ndi a anthu osonkhanitsa mabuku ngati chuma. Obwerezedwa kusindikiza ali ndi mawu omwewo. Pa AbeBooks, msika wa pa intaneti wa mabuku akale, yang'anani mtengo wotumizira musanasangalale ndi mtengo wa buku, chifukwa mabuku olemera ochokera ku America nthawi zina kutumiza kumadula kuposa bukulo. Mashopu a mabuku akale a m'Johannesburg ndi Pretoria, ndi mabanja ogulitsa katundu wa mlenje amene anamwalira, ndi kumene mungapeze Taylor kapena Dunlap pa mtengo wachifundo. "The Gun and its Development" la W.W. Greener, la 1881, lili pa Internet Archive kwaulere, ndipo mapatenti ambiri a Mauser ali pa Google Patents ndi zojambula zake.

Gulaninso kope lolembamo lolimba lachikuto chakuda likhale pa shelefu yomweyo. Mabuku amenewa amatsutsana, makamaka pa zaka ndi miyeso. Mukapeza De Haas akunena china, Olson china, lembani zonse ziwiri ndi masamba ake, ndipo pa muyeso uliwonse wokhudza chitetezo lembani pambali nambala ya CIP kapena SAAMI ndi tsiku limene munaiona.